Mayi Masitepe ndi Tsamba Limene Ndinafufuta

Dzina lawo lenileni linali pachitseko, koma sindikumbukira munthu amene ankalitchula. Tonse pa yunivesite tinkangoti mayi Masitepe. Ukawafuna, kugogoda pa ofesi yawo kunali kudzivuta chabe. Unkangoima m'nyumba ya akuluakulu, pamene masitepe amakhotera, n'kudikira. Posakhalitsa unkamva kupuma kwawo, kenaka unkaona fayilo yobiriwira ili kukhwapa, kenaka eni ake.

Ntchito yawo inali kuthandiza aphunzitsi opempha thandizo la kafukufuku. Ndifotokoze pang'ono chifukwa cha amene sanagwirepo ntchito pa yunivesite. Mphunzitsi akafuna kufufuza kanthu, amalemba pempho ku bungwe lakunja limene limathandiza ofufuza. Patsogolo pa pempholo pamakhala tsamba limodzi pamene akuluakulu a yunivesite amasaina, kusonyeza kuti nkhaniyo akuidziwa ndipo aivomereza. Masiku amenewo osaina anali asanu. Bungwe limaika tsiku lotsekera, ndipo pempho lofika mochedwa, ngakhale ndi tsiku limodzi lokha, salitsegula n'komwe. Lero zonsezi zimayenda pa kompyuta. Nthawi imene ndikunenayi zinkayenda pa miyendo ya mayi Masitepe.

Mwezi watha ndinaikidwa mu komiti yoona mmene tingakonzere ofesi yothandiza ofufuza, chifukwa aphunzitsi akudandaula kuti mapempho awo akumakhala milungu mu kompyuta popanda wowakhudza. Wina anafunsa kuti kale zinkatheka bwanji. Ndinayamba kufotokoza, nthawi inatha, ndiye wapampando anati ndikalembe. Ndafunsa anthu awiri amene analipo kuti ndisaname. Pamene sindikutsimikiza ndinena kuti sindikutsimikiza.

Mayi Masitepe anabwera pa yunivesite ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ena akuti makumi awiri. Bambo awo anali woyendetsa basi. Anayamba ngati wotayipa, m'chipinda chachitali mmene munali amayi khumi ndi awiri, aliyense ndi makina ake, phokoso lake ngati mvula pamalata. Aphunzitsi ankabweretsa mapempho olemba pamanja, amayiwo n'kumatayipa. Anzawo ankatayipa ndi zala zokha, maganizo ali kunyumba. Iwo ankawerenga zimene akutayipa. Patapita zaka anayamba kuzindikira kuti mapempho otani amabwerera ndi kalata yokana, ndipo otani amabwerera ndi nkhani yabwino. Anandiuza kuti tsiku lina anauza pulofesa wina kuti, "Bambo, pa tsamba lachiwiri mwati mudzafunsa anthu mazana awiri, pa tsamba lachisanu ndi chinayi asanduka mazana atatu. Anthuwa akuberekana m'fayilo momwemu?" Pulofesayo anakwiya, anatuluka, mawa lake anabwera ndi pepala lokonza.

Makompyuta atafika, chipinda chotayipira chinatsekedwa. Amayi ena anapita ku laibulale, ena anapuma ntchito. Iwo anapatsidwa kachipinda ka pansi pa masitepe, kamene kale kankasungiramo matsache ndi zidebe. Denga lake linali lopendekera, moti munthu wamtali sankatha kuimirira. "Khalani pansi," ankatero. "Muno ngakhale pulofesa amaphunzira kuwerama." Munali tebulo limodzi, mipando iwiri, kabati yachitsulo yotseguka ndi bondo, ndi kazenera kamodzi koyang'ana kumene amaimika magalimoto. Pakhoma panali kalendala yaikulu, masiku otsekera atawazunguliza ndi cholembera chofiira. Aliyense ankadziwa kuti masikuwo anawalemba mofulumiza ndi mlungu wathunthu, koma palibe ankatsutsa, poti aliyense anapulumukapo ndi mlungu umenewo.

Amuna awo anali telala, ankasokera pakhonde la sitolo ina m'tauni. Ndiwo ankawasokera timatumba tansalu totchingira mafayilo kumvula. Ine ndinafika bambowo atamwalira kale. Mayiwo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, namwino, komanso analera ana awiri a mng'ono wawo amene anamwalira akadali wamng'ono. Za kunyumba sankakamba kwambiri. Ukafunsa kuti ana ali bwanji, ankayankha kuti, "Akudya," n'kutsegula fayilo.

Tsopano ndinene za pensulo, poti popanda iyo nkhani yanga singamveke.

Mwa osaina asanu aja, atatu analibe vuto. Vuto linali pa awiri. Woyamba anali mkulu wa gawo lathu la zaumoyo, amene tinkamutchula kuti a Magalasi chifukwa ankavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Ofesi yawo inali pansanjika yachinayi. Wachiwiri anali mkulu wa zachuma, a Loko, amene ofesi yawo inali pansanjika yachitatu, mbali ina ya nyumbayo. Anthu awiriwa sankalankhulana, ndipo aliyense ankakana kusaina mnzake asanasaine. A Magalasi ankati, "Ndivomereza bwanji kafukufuku amene manambala ake sanaonedwe?" A Loko ankati, "Ndione bwanji manambala a kafukufuku amene mwini gawo sanavomereze?" Onse awiri ankamveka olondola, ndipo buku la malamulo silinanene kuti ayambe ndani. Chifukwa chenicheni, malinga ndi mayi Masitepe, chinali mpando. Ali anyamata ankakhala ofesi imodzi, munali mpando umodzi wawofowofo, ndipo wina posamuka anapita nawo. Mmodzi mwa amene ndawafunsa akuti sunali mpando koma kabati ya mabuku. Ndalemba zimene ndinamva kwa mayiwo.

Mapempho ankagona milungu pakati pa maofesi awiriwo, ena mpaka tsiku lotsekera kupitirira. Mayi Masitepe ndi amene anapeza njira. Ankayamba kukwera kwa a Magalasi ndi pensulo m'manja. "Musasaine, bambo," ankatero. "Ingosonyezani kuti mwaona." A Magalasi ankalemba kachilembo kamodzi ndi pensuloyo m'mphepete mwa tsamba. Mayiwo ankatsika, n'kukwera mbali inayo kwa a Loko. A Loko akaona pensulo ankasaina ndi inki, poti kwa iwo mnzawo uja wayamba ndiye. Mayiwo ankabwereranso kwa a Magalasi, amene akaona inki ankasaina mokondwa, poti kwa iwo pensulo si siginecha. Pomaliza mayiwo ankafufuta kachilembo kaja. Aliyense ankagona akudziwa kuti wapambana. Izi zinachitika zaka khumi ndi chimodzi. Sizinalembedwe paliponse, ndipo palibe ankazitchula, ngati mmene pabanja satchulira zinthu zina zimene aliyense akuziona.

Ine sindinkazidziwa. Ndinali m'chaka changa chachitatu, ndipo lamulo linali lakuti mphunzitsi watsopano akatha zaka zitatu osapeza thandizo la kafukufuku ngakhale limodzi, ntchito yake imathera pomwepo. Ndinali nditakanidwa kawiri. Mapempho awiriwo ndinatumiza kudzera kwa mlembi wa dipatimenti, chifukwa ndinkaona ngati munthu wa madigiri atatu sangakaphunzire kanthu pansi pa masitepe. Tinkakhala m'nyumba ya yunivesite, mkazi wanga anali woyembekezera mwana wachiwiri. Ntchito ikatha, nyumbanso inali itatha. Panatsala bungwe limodzi lokha limene yankho lake likanabwera nthawi yanga isanakwane.

Ndinapita kukagogoda. Tsiku limenelo ndinawapeza. Ndinagunda mutu padenga ndisanapereke n'komwe moni.

"Aliyense amagunda kamodzi," anatero. "Wogunda kawiri ndiye timamudera nkhawa. Khalani, aphunzitsi. Mukufuna kufufuza chiyani?"

Ndinayamba kuwawerengera mutu wa pempholo. Anakweza dzanja.

"Ayi, zimenezo ndiwerenga ndekha. Ndiuzeni ngati mukuuza azakhali anu."

Ndinawauza kuti ndikufuna kuyeza makutu a anthu ogwira ntchito m'zigayo, chifukwa ambiri amagontha asanakwane zaka makumi anayi ndipo palibe amene anawawerengapo.

"Mpaka kuzigayo? Anthu osamva tili nawo pano pomwe, yambani ndi nsanjika yachitatu." Sanaseke. Anatsegula tsamba loyamba. "Koma ndi nkhani yabwino. Mlamu wanga anagwira m'chigayo zaka khumi ndi zisanu. Pano akamalankhula amakuwa, ana amaganiza kuti akuwakalipira, amamuthawa. Zimenezo mwazilemba?"

Ndinati ayi, si mmene timalembera.

"Ndiye mukulembera ndani? Owerenga kumeneko ndi anthu, ali ndi alamu awo."

Tinakhala pa pempho limenelo milungu isanu. Iwo sankadziwa za makina oyezera makutu, ndipo sankanamizira kudziwa. Ankadziwa kuti bungwe limeneli silifuna masamba opitirira khumi ndi awiri, kuti limafuna kalata ya eni zigayo, kuti munthu amene amatsegula maenvulopu kumeneko amadana ndi mapepala omata ndi waya. Ankandifunsa mafunso a mwana, amene ndinkalephera kuyankha. "Mwati mudzayendera zigayo makumi atatu m'miyezi iwiri. Nyengo yamvula, pa galimoto iti?" Ndinkapita kunyumba nditakwiya, mkazi wanga n'kumati, "Ngati wakukwiyitsa ndiye kuti wakhudza pamene pali chilonda."

Galimoto ya kampani yotumiza makalata mwachangu inkabwera Lachisanu lokha, 3 koloko masana. Mlungu wofulumiza uja tinali titaudya kale podikira kalata ya eni zigayo. Pempho likaphonya galimoto ya Lachisanu limenelo, silikanafika.

Lachinayi madzulo osaina atatu aja anali atasaina. Lachisanu m'mawa ndinapeza mayi Masitepe atakhala, mwendo wamanzere atausanjika pa chidebe chovundikira. Bondo linali litatupa ngati mpira.

"Lero landikana," anatero. "Tengani fayiloyi mupite nayo kwa a Loko. Mukapereke m'manja mwawo, osati kwa mlembi. Akasaina mubwere nayo kuno. Musakhudze kanthu."

Ndinakwera. Pokhotera paja ndinaima kuti ndionenso komaliza, chifukwa ndine munthu wotero. Kalata ndimaiwerenga katatu, envulopu ndikamata ndimaimatulanso. Ndinaona tsamba la masiginecha lili bwinobwino, koma m'mphepete, pafupi ndi mzere wa a Magalasi, munali kachilembo ka pensulo kokhotakhota. Ndinaganiza kuti wina anayesera pensulo yake pamenepo. Ndinaganiza za munthu wa kunja uja wodana ndi waya, kuti kachilembo kotere akakaona bwanji. Ndinali ndi labala m'thumba. Ndinatsamiritsa fayilo pakhoma, n'kufufuta mosamala kwambiri, n'kuuzira tinyenyeswa take. Ndinadziyamikira mumtima.

A Loko anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa. Anatsegula fayilo, anayang'ana m'mphepete mwa tsamba, anatseka.

"Mkulu wa gawo lanu sanaone pepalali."

"Bwana, ndimaganiza kuti mukasaina inu, iwo..."

"Mumaganiza. Ndi bwino kuganiza. Akaona mubwere."

Ndinathamangira pansanjika yachinayi. Mlembi wa a Magalasi anandiuza kuti alowa mumsonkhano wa akuluakulu kuyambira 9 koloko, chitseko chotseka, ndipo akatuluka apita molunjika ku bwalo la ndege, akakhala kunja masiku khumi. Ndinatsika.

Mayi Masitepe anatsegula fayilo, anayang'ana, anandiyang'ana ine.

"Panali kanthu apa."

"Kanali kauve, amayi. Ndinafufuta."

Sanakuwe. Anavula magalasi awo, anawapukuta ndi nsonga ya mpango, anawavalanso.

"Mwana wanga," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho, "ndinati chiyani?"

"Munati ndisakhudze kanthu."

"Ndiye amene tikukawayeza makutu kuzigayo aja alakwa chiyani?"

Kenaka anandifotokozera za pensulo, mwachidule, ngati munthu wouza mwana kumene kumakhala kiyi wa nyumba. Ndinamva manyazi amene sindinawamveponso. Ndinati ndingathe kulemba kachilembo kena ndekha, poti ndinakaona mmene kanalili.

"Mukatero mutuluke muno, musadzabwerenso," anatero. "Zaka khumi ndi chimodzi sindinalembepo dzina la munthu. Tsiku limene a Loko adzakayikire pensulo yanga, aphunzitsi onse a pano agwa nayo."

Kenaka anatulutsa tsambalo m'fayilo, analipendeketsa pa kazenera kaja, n'kuliyang'ana cham'mbali, diso limodzi atatsinzina. Anandiitana kuti ndione. Pensulo inali itachoka, koma pamene inadutsa panatsala kamzere kolowa m'pepala, kooneka kokha kuwala kukagwera chopendekera.

"Ndipatseni phewa," anatero.

Kuchoka pansi kufika pansanjika yachitatu pali masitepe makumi asanu ndi limodzi. Ndinawawerenga tsiku limenelo. Ankakweza mwendo wabwino, n'kukoka winawo. Pokhotera paliponse ankaima, n'kunamizira kuti akuwerenga zidziwitso zapakhoma. Oyeretsa m'nyumbamo anatipatsa njira. Wina anati, "Amayi, lero mwapeza galimoto," iwo anati, "Yakale, imafuna kukankha."

Mlembi wa a Loko sanayese n'komwe kuwaletsa. Analowa, anakhala pampando asanauzidwe, anaika tsambalo patebulo.

"Ndamuuza kale mnyamata wanuyu," anatero a Loko. "Pepalali ndi loyera."

"Tapitani nalo pazenera, bambo."

"Ndili ndi ntchito, mayi."

"Nanenso ndili ndi bondo, koma ndabwera."

A Loko anawayang'ana, anayang'ana mwendo uja, anadzuka. Anapendeketsa pepala pazenera. Analiyang'anitsitsa.

"Iyi si pensulo."

"Ndi phazi lake. Mukadzuka m'mawa n'kupeza mapazi a munthu pakhomo panu, mumati sanabwere chifukwa simunamuone?"

"Wafufuta ndani?"

"Aphunzitsiwa. Ndi aukhondo. Mayi awo anawalera bwino."

Ndinafuna pansi patatseguka. A Loko anayendetsa chala pa kamzere kaja, pang'onopang'ono, ndipo pakamwa pawo panachita ngati pakufuna kumwetulira.

"Akadali kukanikiza pensulo ngati akulima," anatero. "Kale ankathyola zanga zonse."

Anakhala pansi, anatenga cholembera, anatsegula masamba a manambala n'kuwaona limodzilimodzi, poti sanali munthu wosaina chinthu osachiwerenga. Anasaina. Akupereka fayilo anafunsa, maso ali patebulo, "Ndinamva kuti shuga akuwavuta. Ali bwanji?"

"Masitepe ake ndi omwewa, bambo. Mukawafunse."

Titatuluka ndinati mwina tilembe kakalata, mlembi akalowetse mumsonkhano. Anapukusa mutu. Anati a Magalasi sasaina kanthu anzawo akuona, kuopa kuoneka ngati akutumidwa. Koma anati munthu wa shuga sakhala mumsonkhano kupitirira hafu pasiti 12 osamwa mankhwala ndi kuluma kanthu, ndipo a Magalasi sankafuna kuti akuluakulu anzawo adziwe. Ankatuluka ngati akupita kuchimbudzi, n'kukamwera pa mpopi wa kumapeto kwa khonde. Chipinda cha msonkhano chinali pansanjika yachinayi. Tinakweranso masitepe makumi awiri.

Tinadikira pafupi ndi mpopiwo mphindi makumi anayi. Panalibe mpando, ndiye anakhala pa mphepete mwa zenera. Apo ndi pamene anandiuza zambiri za moyo wawo kuposa masiku ena onse. Anati pamene ankatayipa ankalakalaka tsiku lina atalemba pempho lawolawo. Ndinafunsa kuti akanafufuza chiyani. Anati akanafufuza chifukwa chake anthu ophunzira kwambiri amaopa kufunsa. Kenaka anati ayi, akunama, akanafufuza za maso a atelala, poti amuna awo m'zaka zomaliza ankalowetsa ulusi m'singano ndi kukhudza kokha, ndipo ankabisa kuti makasitomala asathawe. "Koma wotayipa sapempha," anatero. "Ndiye ndimakwera ndi za anzanga."

Chitseko chinatseguka hafu pasiti 12 itangopitirira. A Magalasi anatuluka, dzanja lili m'thumba la jekete. Atationa anaima.

"Mayi, mpaka kuno? Munthu sangamwenso madzi?"

"Imwani, bambo, sitikuona."

Tinatembenukira kuzenera mpaka anamaliza. Kenaka mayiwo anatsegula fayilo. A Magalasi anatsitsa magalasi a pamutu, anaona inki ya a Loko, anayang'ana m'mphepete. Nkhope yawo inawala.

"Pensulo yanga palibe. Wasaina popanda pensulo yanga? Ndiye kuti mkulu uja wagonja?"

"Zimene anaona ndi za maso awo," anatero mayi Masitepe. "Koma ndikuuzeni, bambo. Mawu amenewo akangotuluka m'khonde lino, ine pensulo ndaitaya, ndipo muziyenderana nokha. Ine ndatsala ndi miyezi iwiri kuti ndipume ntchito."

A Magalasi anakanda kumutu, magalasi a pamphuno anatsetsereka.

"Ine ndanena chiyani? Ndangofunsa." Anasaina, fayilo itatsamira pa zenera. Anandiyang'ana. "Inu ndi wa zigayo uja? Mukapeza thandizoli mudzayambe ndi makutu a anthu a mumsonkhanomu."

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Tinafika pansi cha m'ma 2 koloko. Anandiuza kuti ndijambule makope atatu, iwo n'kumaona tsamba lililonse, kunyowetsa chala, kuwerenga manambala a masamba mokweza. Envulopu anamata okha. Ine anandiuza kuti ndiike manja kumbuyo. Galimoto inafika 3 koloko itapitirira ndi mphindi zisanu. Dalaivala anawapatsa moni wa anthu odziwana kalekale, anawafunsa za bondo, analemba kapepala kolandirira, anapita.

Ndinayesa kuthokoza. Mawu anga anali ambiri ndipo sankalumikizana. Anandidula.

"Pitani mukadye. Mukauze akazi anu kuti chapita. Musakawauze kuti chatheka, poti sitikudziwa."

Anapuma ntchito patatha miyezi iwiri, monga ananenera. Panali kaphwando m'chipinda cha aphunzitsi. A Magalasi analankhula, a Loko analankhula, wina kumayambiriro wina kumapeto, ndipo okonza pulogalamu anavutika mlungu wathunthu kuti agwirizane woyamba. Anawapatsa wotchi yapakhoma. Kachipinda kaja kanabwerera kwa oyeretsa. Chaka chomwecho a Loko anasamukira ku yunivesite ina, ndipo vuto la masiginecha linatha lokha, ngakhale linabadwa lina. Ofesi yothandiza ofufuza lero ili ndi anthu asanu ndi mmodzi, achinyamata ophunzira bwino, aulemu. Sindikuwanyoza. Koma kompyuta ikanena kuti pempho likudikira wakutiwakuti, iwonso amadikira, poti palibe anawauza kuti wakutiwakutiyo ali ndi chitseko.

Yankho langa linabwera mwezi wachisanu chitumizireni pempholo, kutatsala milungu itatu kuti zaka zanga zitatu zija zikwane. Mwana anali atabadwa, ndipo tinali titayamba kale kusonkhanitsa makatoni. Envulopuyo ndinaipeza m'kabokosi kanga ka makalata. Ndinaitsegula ndili chiimire, ndinawerenga ndime yoyamba katatu. Anavomera.

Loweruka ndinakwera basi kupita kumene ankakhala ndi mwana wawo namwino uja, kumapeto kwa tauni, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Nyumba yake inali yapansi, ya zipinda zitatu. Ndinawapeza pakhonde, akusoka batani pa yunifolomu ya mdzukulu. Anali atachepa thupi.

"Aphunzitsi aukhondo," anatero. "Mwabwera ndi nkhope ya maliro kapena ndi mmene mumaonekera?"

Ndinawapatsa kalatayo. Anapukuta manja pa chitenje, anaitenga. Ndinadikira kuti awerenge ndime yoyamba, ndione nkhope yawo. Iwo anatembenuza masamba onse mpaka lomaliza, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono, n'kuyambira kumeneko.

"Amayi, nkhani ili kutsogolo."

"Kutsogolo ndaona kale. Kalata yokana imakhala tsamba limodzi, iyi ndi masamba asanu." Chala chawo chinkayenda pamzere. "Mwaona apa? Akufuna muyankhe kuti mwalandira pasanathe masiku khumi ndi anayi, kuwerengera tsiku limene analemba, osati limene mwalandira. Analemba liti?"

Ndinayang'ana. Masiku asanu ndi anayi anali atapita kale. Sindinaone zimenezo, ngakhale ndinawerenga kalatayo kosawerengeka.

"Ndiye muyankhe Lolemba m'mawa, musanaphunzitse. Ndipo kalata yotsimikiza ntchito yanu simudikira kuti akupatseni. Mujambule tsamba loyambali, mukapereke ku ofesi yolemba anthu ntchito, m'manja mwa mayi wamtali uja, osati mnyamata wa pawindo. Mukamuuze kuti ndakutumani ine." Anaitana m'nyumba. "Iwe, bweretsa mpando ndi cholembera, alendowa ali ndi zolemba."

Namwino uja anatuluka ndi mpando, akuseka. "Amayi, munapuma ntchito. Asiyeni alendo apume kaye."

"Apuma Lachiwiri," anatero.

Ndinakhala pansi, ndinatembenuza envulopu, ndinayamba kulemba kumbuyo kwake zimene ankanena. Zinakwana zisanu ndi ziwiri. Titamaliza anabweza kalatayo, anatenganso singano yawo, anayesa kulowetsa ulusi kawiri osatheka. Anandipatsa ine.

"Nyumba ija musamukamo?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Tikhala."

"Ndiye makatoniwo musataye. Mudzasungiramo mafomu a anthu a m'zigayo, ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira."

Lolemba, 8 koloko isanakwane, ndinali pakhomo pa mayi wamtali uja.